Sola ya padenga la kagalimoto ka gofu imagwira ntchito kagalimoto kataima

Anthu akaona kagalimoto ka gofu kali ndi panelo ya sola padenga, funso lawo loyamba limakhala lakuti kodi ndiye kuti kamayenda ndi dzuwa lokha, osafunanso kutchajidwa pa magetsi a pakhoma. Ine ndimasamalira timagalimoto totere, ndipo yankho langa silikondweretsa ambiri akangolimva, chifukwa ndimawauza kuti panelo ya padenga siyendetsa kagalimoto. Zimene zimakayendetsa ndi mabatire amene ali pansi pa mpando, pomwe ntchito ya panelo ndi kubwezeretsa pang'onopang'ono mphamvu imene mota yamwa mofulumira. Phindu lalikulu la sola limapezeka pa maola amene kagalimoto kangoima padzuwa, ndipo munthu amene wazindikira zimenezi asanagule chipangizo chilichonse amasankha bwino panelo, kontirola (kachipangizo kolamulira magetsi ochokera ku panelo kulowa m'mabatire), ngakhalenso malo oimikapo kagalimoto kake.

Kagalimoto ka gofu ndi selo ya sola ndi zinthu za msinkhu umodzi. Kampani ya E-Z-GO inayamba kupanga timagalimoto ta gofu mu 1954 mumzinda wa Augusta ku Georgia, m'dziko la America, ndipo m'chaka chomwecho Daryl Chapin, Calvin Fuller ndi Gerald Pearson a ku Bell Labs anaonetsa selo ya sola ya silicon imene inkasandutsa magetsi pafupifupi magawo 6 pa 100 alionse a kuwala kogwera pa iyo. Panadutsa zaka zambiri ziwirizi zisanakumane, chifukwa mapanelo oyambirira anali ofooka komanso okwera mtengo kwambiri. Lero panelo wamba imasandutsa magawo 20 mpaka 22, ndipo timagalimoto ta E-Z-GO, Club Car ndi Yamaha tinatuluka kalekale m'mabwalo a gofu. Timanyamula anthu m'mabwalo a ndege, m'mahotela akuluakulu, m'mayunivesite ndi m'minda, ndipo mzinda wa Peachtree City ku Georgia komweko uli ndi tinjira tawotawo totalika makilomita oposa 160, timene anthu amapitira kusukulu ndi kogula zinthu.

Chifukwa chimene sola imakhalira yanzeru pa kagalimoto aka chimaoneka bwino tikayang'ana mmene yavutira pa magalimoto akuluakulu. Toyota itaika sola padenga la Prius ya 2010, mphamvu yake inkangozungulitsa fani yotulutsa mpweya wotentha galimoto ikaimikidwa, osati matayala. Makampani a Lightyear ku Netherlands ndi Sono Motors ku Germany anayesa kupanga magalimoto okutidwa ndi maselo a sola, koma mu 2023 Lightyear inasiya kupanga galimoto yake yoyamba ndipo Sono inaleka ntchito ya galimoto ya Sion. Magalimoto amene amayendadi ndi dzuwa lokha, monga a mpikisano wa World Solar Challenge wochokera ku Darwin kukafika ku Adelaide, ulendo wa makilomita pafupifupi 3,000, ndi opepuka modabwitsa ndipo anapangidwira ntchito yokhayo. Kagalimoto ka gofu kali pakati pa mbali ziwirizi. Kamalemera makilogalamu 400 mpaka 500 pamodzi ndi mabatire, kamathamanga makilomita 20 kapena 25 pa ola, kali kale ndi denga lafulati, ndipo kamatha tsiku lonse kali panja, nthawi zambiri kataima kudikira anthu. Palibe galimoto ina imene zinthu zonsezi zimakumana chonchi.

Tsono masamu ake ndi ofunika kuwaona ndi maso otsegula. Timagalimoto tambiri timagwiritsa ntchito ma volt 36 kapena 48. Ta 36 timakhala ndi mabatire 6 a ma volt 6 olumikizidwa motsatizana, pomwe ta 48 timakhala ndi mabatire 6 a ma volt 8, kapena 4 a ma volt 12, kapenanso 8 a ma volt 6. Titenge batire lodziwika bwino la Trojan T-875, la ma volt 8 ndi ma amp-hour 170 (muyeso wa magetsi amene batire limasunga). Mabatire 6 oterewa amasunga mphamvu yoposa pang'ono mayunitsi 8 a magetsi, yuniti imodzi kukhala kilowatt-hour imodzi, monga imene mita ya magetsi imawerenga. Komabe mabatire a mtovu ndi asidi safuna kukamulidwa mpaka kuuma, ndipo amene akufuna kuti akhalitse sawatsitsa kupitirira theka. Choncho mphamvu imene mwini kagalimoto angadalire popanda kuvulaza mabatire ndi mayunitsi 4 okha.

Kumbali ya dzuwa, denga la kagalimoto ka anthu awiri limakwana panelo imodzi ya ma watt 200 mpaka 350. Nambala yolembedwa kumbuyo kwa panelo inayezedwa pa kuwala kwa ma watt 1,000 pa sikweya mita, maselo ali pa madigiri 25, zinthu zimene padenga la kagalimoto masana sizipezekera limodzi. Dzuwa likaswa mtengo, maselo amatentha kufika madigiri 60 kapena kuposerapo, ndipo digiri iliyonse yopitirira 25 imachotsa pafupifupi 0.35 pa 100 ya mphamvu, kotero kuti kutentha kokha kumadya gawo loposa limodzi mwa magawo khumi. Onjezanipo fumbi, zotayika m'mawaya ndi mu kontirola, komanso kuti panelo yagona chagada m'malo moyang'anizana ndi dzuwa. M'dera la dzuwa lambiri, kuwala kwa tsiku lonse kukaphatikizidwa kumafanana ndi maola 5 a dzuwa lamphamvu. Panelo ya ma watt 300 papepala ikanapereka yuniti imodzi ndi theka, koma zimene zimalowadi m'mabatire ndi yuniti imodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo tsiku la mitambo sizifika ngakhale theka la zimenezo.

Nkhaniyi imamveka bwino kwambiri tikaiwerengera m'ma amp. Amp ndi muyeso wa kuchuluka kwa magetsi oyenda m'waya. Masana abwino, panelo imeneyi imathira m'mabatire ma amp 4 kapena 5. Tchaja ya pakhoma imathira 15 mpaka 20. Mota, poyenda pamalo osalala, imakoka ma amp makumi angapo, ndipo ponyamuka kapena pokwera chitunda anthu atadzaza imatha kukoka oposa 200 kwa kanthawi. Zili ngati thanki imene madzi amalowa kudzera pa kapaipi kowonda kodontha tsiku lonse, pomwe otunga amabwera ndi ndowa zikuluzikulu: pa mphindi imene ndowa ikumira kapaipi sikaoneka kanthu, koma ndowa ikachoka iko kamapitirizabe. N'chifukwa chake woyendetsa sangamve kusintha kulikonse pa liwiro kapena mphamvu yokwerera phiri chifukwa choika sola, ndipo wogulitsa amene akulonjeza zimenezo akungofuna kugulitsa.

Nanga yuniti imodziyo ndi mtunda wotalika bwanji? Powerengera ndimatenga kuti kagalimoto kamadya ma watt-hour 120 pa kilomita (yuniti imodzi ndi ma watt-hour 1,000), podziwa kuti pa udzu wofewa, m'zitunda kapena matayala akaphwa kamadya zambiri, ndipo pa msewu wosalala kamadya zochepa. Ndi muyeso umenewo, dzuwa la tsiku limodzi ndi makilomita pafupifupi 8. Bwalo la gofu la maenje 18 limatalika makilomita 6 kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kagalimoto kamayenda mtunda woposa pamenepo chifukwa chokhotakhota kutsatira mipira. Ndiye kuti pa tsiku lowala bwino, panelo imabweza gawo lalikulu la mphamvu ya masewero amodzi. Kwa munthu amene amagwiritsa ntchito kagalimoto kake pa timaulendo tifupitifupi, zimenezi zikhoza kutanthauza masiku angapo osagwira tchaja. Kwa kagalimoto konyamula alendo kuyambira m'mawa mpaka usiku, ndi chowonjezera chabe pa zimene tchaja ya pakhoma iyenera kuchitabe.

Koma ine sindiona kuti makilomita ndiwo phindu lenileni. Chimene chimadula kwambiri pa kagalimoto ka magetsi ndi mabatire, ndipo mabatire a mtovu amafa ndi zinthu ziwiri: kutsitsidwa kwambiri ndi kusiyidwa ali otsika. Batire likamapereka mphamvu, pa mapuleti ake pamamera timibulu ta lead sulfate, ndipo likatchajidwa msanga timibuluti timasungunuka n'kubwerera mu asidi. Likasiyidwa masiku ambiri osadzazidwa, timibuluti timakula n'kuuma, sitisungunukanso, ndipo malo amene tagwira pa puleti afa basi. Chaka ndi chaka batire limanka lichepa mphamvu, mwini wake n'kumadabwa kuti kagalimoto kamene kankazungulira bwalo kawiri tsopano kakufooka kasanamalize kamodzi. Sola imalowerera pomwepa. Imayamba kubweza mphamvu kagalimoto kakangoima, popanda kudikira madzulo kapena kudalira kuti munthu akumbukire kulumikiza waya, ndipo pofika madzulo mabatire amakhala atatsika pang'ono poyerekeza ndi mmene akanatsikira. Batire limene tsiku lililonse limatsika ndi magawo 30 pa 100 limakhala nthawi yaitali kuposa limene limatsika ndi 50, ndipo opanga mabatire onse amavomereza zimenezi m'mabuku awo.

Palinso timagalimoto timene timakhala miyezi osayenda, eni ake atachokapo kapena nyengo ya masewero itatha. Batire la mtovu lamadzi limataya lokha magawo 5 mpaka 15 pa 100 pamwezi ngakhale palibe cholumikizidwa, ndipo kukatentha limataya msanga. Timagalimoto tambiri timene ndaona tili ndi mabatire akufa sitinafe ndi ntchito, tinafa ndi kukhala. Pa vuto limeneli ngakhale panelo yaing'ono, bola ili ndi kontirola yoyenera, imapulumutsa mabatire onse.

Tsopano pali chinthu chimene chimagwetsa ambiri oika okha, ndicho kusiyana kwa ma volt. Magetsi amayenda kuchokera kokwera kupita kotsika, choncho kuti batire litchajike, chotchajacho chiyenera kukhala ndi ma volt oposa a batirelo. Mabatire a mtovu a ma volt 48 ali ndi maselo 24, ndipo kuti adzaze bwino selo iliyonse imafuna kukankhidwa kufika pafupifupi ma volt 2.45, kutanthauza 58.8 onse pamodzi. A ma volt 36 amafuna pafupifupi 44. Koma panelo wamba ya maselo 60 imagwira ntchito bwino pa ma volt 30 mpaka 33, ndipo ngakhale isanalumikizidwe ku chilichonse sipitirira kwenikweni 41. Mukailumikiza ku mabatire a 48 kudzera pa kontirola wamba ya sola ya m'nyumba, palibe chimene chilowe. Magetsi a pa kontirola akhoza kuyaka, dzuwa likhoza kuwala bwino, koma mabatire osalandira kanthu, chifukwa makontirola ambiri anapangidwa kuti azitsitsa ma volt, osati kukweza.

Njira zotulukira ndi ziwiri. Yoyamba ndi kulumikiza mapanelo awiri kapena atatu ang'onoang'ono motsatizana kuti ma volt awo aphatikizane n'kupitirira a mabatire, kenako kontirola ya MPPT, mtundu umene umafunafuna malo amene panelo ikupereka mphamvu yochuluka, n'kuwatsitsa. Izi zimatheka pa kagalimoto ka denga lalitali, konyamula anthu anayi kapena asanu ndi mmodzi. Yachiwiri, imene ine ndimaikonda pa denga laling'ono, ndi kontirola yokweza ma volt, imene amisiri amaitcha boost, monga GVB-8 ya kampani ya Genasun. Imeneyi imalandira ma volt 30 a panelo imodzi n'kuwakweza kufika pamene mabatire akufuna, ndipo nthawi yomweyo imafunafuna malo amene panelo ikupereka mphamvu yochuluka, zimene zili zofunika pa chinthu choyenda, chimene kuwala kwake kumasintha mphindi iliyonse. Makontirola otchipa a mtundu wa PWM sangathe kukweza ma volt kapena kufunafuna malo amenewa, ndipo pa ntchito iyi ndi kutaya ndalama.

Pali njira yachitatu imene imaoneka yochenjera koma ndi yowononga. Munthu amatenga panelo yaing'ono ya ma volt 12 n'kuilumikiza ku batire limodzi mwa anayi, poganiza kuti mphamvu ikalowa mwa limodzi igawikana kwa onse. Sizitero. Mabatire olumikizidwa motsatizana amatsika pamodzi ndipo ayenera kudzazidwa pamodzi. Limodzi likakhala lodzaza kuposa anzake, tchaja ya pakhoma, imene imangoona ma volt a onse pamodzi, imaliphika lodzazalo kwinaku ikusiya enawo asanakhute. Pakapita miyezi, limodzi limakhala litauma madzi, atatu atagwidwa ndi timibulu tija, ndipo mabatire a kagalimoto sasinthidwa limodzilimodzi. Sola ilumikizidwe ku mapeto awiri a mzere wonse, pa positive ya batire loyamba ndi negative ya lomaliza.

Kontirola iyeneranso kudziwa mtundu wa mabatire amene ikuwadyetsa. Masiku ano eni ambiri akusinthira ku mabatire a lithium iron phosphate, amene ndi opepuka, safuna madzi, ndipo amalola kutsitsidwa kwambiri. Paketi ya maselo 16 imatchedwa ya ma volt 51.2 ndipo malire ake otchajira ndi 58.4. Nambalazi zayandikana ndi za mabatire a mtovu, mwakuti munthu angaganize kuti kontirola imodzi ikwanira zonse, koma khalidwe lawo ndi losiyana. Makontirola a mabatire amadzi nthawi zina amakweza ma volt mwadala kuti maselo afanane mphamvu, chinthu chimene lithium safuna m'pang'ono pomwe, ndipo lithium satchajidwa kukazizira kufika pansi pa digiri 0. Ndionjeze kuti pa lithium phindu lija lotalikitsa moyo wa batire limachepa, popeza iye savutika ndi kukhala wosadzaza. Kumeneko sola imangokhala nkhani ya makilomita owonjezera, ndipo mwini ayenera kuwerengera bwino ngati akuwafunadi.

Amene atsala ndi mabatire amadzi adziwe kuti sola imawonjezera ntchito imodzi. Batire likayandikira kudzaza, madzi ake amayamba kuphwanyika kukhala mpweya wa hydrogen ndi oxygen, ndipo popeza tsopano likumadzaza kawirikawiri, madzi amatha msanga. Mukatukula mpando masana kagalimoto kataima padzuwa, n'kutchera khutu pafupi ndi zitsekero, mumamva kaphokoso ka thovu kosalekeza, ndipo mukatsegula chitsekero chimodzi n'kuunika mumaona timathovu tikukwera pakati pa mapuleti otuwa. Madzi ayenera kuphimba mapuletiwo nthawi zonse. Nsonga za mapuleti zikayamba kuonekera pamwamba, gawo limenelo layamba kale kuwonongeka. Amathiramo madzi a batire okha, osati a pampopi, ndipo amadzaziriza batire likatha kutchajidwa, kusiya mpata wa mamilimita atatu pansi pa khosi la bowo, chifukwa asidi amafufuma potchaja ndipo mukadzaza kale amasefukira pa zitsulo. Moto ndi fodya zisayandikire pamenepo, pakuti hydrogen sachedwa kuyaka.

Geji ya mphamvu ya pa dashibodi nayo imayamba kunama. Mageji ambiri amangoyeza ma volt, ndipo panelo ikamathira mphamvu ma volt amakwera ngakhale mabatire asanadzaze, kotero kuti geji imaloza pamwamba pomwe mkati muli theka. Muyeso woona umatengedwa kagalimoto katapuma maola angapo, panelo itachotsedwa kapena kunja kutada. Pamenepo mabatire a mtovu a 48 odzaza amaonetsa pafupifupi ma volt 50.9, ndipo a theka amaonetsa 48.4. Wosadziwa akaona 48 pa mita amaganiza kuti zonse zili bwino, chonsecho mabatirewo atsika kale kupitirira malire amene tinanena aja. Pa timagalimoto takale ta Club Car ta ma volt 48 palinso kakompyuta kotchedwa OBC, kamene kamawerenga mphamvu yodutsa pa waya wa negative n'kumalamula tchaja kuti ibweze yochuluka bwanji. Sola ikalumikizidwa molambalala kakompyutako, iko sikaona zimene dzuwa labweza, choncho woika ayenera kuyamba wawerenga buku la kagalimotoko kuti adziwe polumikiza.

Za mawaya sindichulukitsa. Ma amp ndi ochepa, motero waya wa sola wamba ndi wokwanira, bola udutse m'kati mwa mzati wa denga kapena umangidwe bwino kuti usakhuzike ndi chitsulo. Fyuzi ikhale pafupi kwambiri ndi batire, chifukwa choopsa si panelo koma mabatire, amene waya ukagundana ndi chitsulo amatha kutulutsa ma amp mazanamazana n'kuufiiritsa nthawi yomweyo. Makontirola ambiri amafuna kulumikizidwa ku mabatire poyamba, panelo pambuyo, ndipo panelo iphimbidwe ndi chinsalu pogwira ntchito, popeza ilibe switchi yozimitsira dzuwa.

Kusankha panelo yeniyeniyo ndiko kumanditengera nthawi. Panelo yagalasi yokhala ndi felemu ya aluminiyamu imakhalitsa zaka 20 kapena kuposerapo, ndipo ambiri amachotsa denga la pulasitiki n'kuika iyo m'malo mwake. Ubwino wake ndi wakuti mphepo imadutsa pansi n'kuiziziritsa. Kuipa kwake ndi kulemera, makilogalamu pafupifupi 20 atakhala pamwamba penipeni pa kagalimoto kopapatiza, pa mizati imene inapangidwira denga lopepuka. Pokhota mothamanga kapena podutsa m'mbali mwa chitunda kulemerako kumamveka, ndipo mabawuti amene sanamangidwe ndi manati osamasuka amayamba kugwedera chifukwa cha mabampu. Panelo yopindika imalemera makilogalamu ochepa chabe ndipo imamatidwa pa denga lomwe lilipo, koma kumatidwako kumaitsekera mpweya, imatentha kwambiri, ndipo maselo ake amachita ming'alu yosaoneka ndi maso denga likamapindikapindika. Zokutidwa ndi pulasitiki ya ETFE zimapirira dzuwa kuposa zokutidwa ndi ya PET, zimene zimachita chikasu n'kuyamba kusendeka. Ine ndimasankha yagalasi ngati mizati ili yolimba, ndipo ndimalimbitsa mizatiyo ngati ili yofooka.

Pa bwalo la gofu pali mdani wina amene panelo ya padenga la nyumba sakumana naye, ndiye mpira. Muyeso wa IEC 61215 umayesa mapanelo powaponyera matalala a mamilimita 25 pa liwiro la mamita 23 pa sekondi, ndipo tala lotero limalemera magalamu 7.5. Mpira wa gofu umalemera mpaka magalamu 45.93, kuwirikiza kasanu ndi kamodzi, ndipo umatha kuchoka pa ndodo pa liwiro loposa mamita 60 pa sekondi. Pogwa umakhala utachepa liwiro, komabe galasi la mamilimita 3.2 silinayesedwe ndi chinthu chotero. Likasweka limang'alukira ponseponse, ndipo ngakhale lipitirize kupereka magetsi, madzi amayamba kulowa. Apa pokha ndi pamene panelo yopindika ili ndi mwayi, ngakhale kuti selo yomenyedwayo imasweka ndithu mkati.

Mthunzi ndiwo umandipatsa chidwi kuposa zonse, chifukwa mphamvu yake sigwirizana ndi kukula kwake. Ndikapanikiza mita pa waya wochokera ku kontirola kagalimoto kali poyera, imaonetsa ma amp 4 ndi kanthu. Ndikakankhira kagalimoto pang'ono mpaka mthunzi wa nthambi imodzi udutse chopingasa panelo, nambala imagwa kufika pa 1 kapena kutsikirapo, pomwe gawo lalikulu la galasi likadali padzuwa. Chifukwa chake n'chakuti maselo a m'panelo ndi olumikizidwa motsatizana, ndipo selo yophimbidwa imatsekereza magetsi a anzake onse a mumzere umenewo. Opanga amaika ma diode olambalalitsa, kawirikawiri atatu, kuti gawo lophimbidwa lidumphidwe, koma zimenezi zikutanthauza kuti tsamba limodzi kapena chitosi cha mbalame chimachotsa gawo limodzi mwa atatu, ndipo mthunzi wodula magawo onse atatu umazimitsa pafupifupi zonse. Popeza panelo yagona chagada, mvula siitsuka bwino ngati ya padenga lotsetsereka, ndipo fumbi limaunjikana m'mphepete mwa felemu. Kansalu konyowa kamabweza mphamvu yambiri kuposa mmene anthu amaganizira.

Apa m'pamene sola imalimbana ndi chizolowezi cha munthu. Aliyense woyendetsa kagalimoto amafuna kukaimika pansi pa mtengo, kuti mpando usatenthe ndipo iye apume. Akafika kunyumba amakalowetsa m'galaja. Zonsezi ndi zanzeru kwa munthu, koma panelo imene ili mumthunzi ndi katundu wongolemetsa denga. Ndaonapo timagalimoto tokhala ndi zipangizo zabwino kwambiri timene sitipindula kanthu chifukwa masana onse timakhala pansi pa shedi. Amene akuopa kuti mabatire atentha akakhala padzuwa ali ndi mfundo, popeza kutentha kumafupikitsa moyo wa batire la mtovu, koma mabatire ali pansi pa mpando, ndipo mpandowo uli mumthunzi wa panelo yomweyo. Chimene chimavutika ndi dzuwa ndi chikopa cha mipando ndi pulasitiki, ndipo chophimba cha mipando chimathetsa zimenezo.

Ndiyenera kunena mosabisa kuti nthawi zambiri malo abwino a panelo si padenga la kagalimoto. Panelo yomweyo ikaikidwa padenga la shedi, itapendekeka moyang'ana dzuwa, kutali ndi mitengo, mabampu ndi mipira, imapereka mphamvu yochuluka ndipo imakhalitsa. Shedi imalandira mapanelo ambiri, pomwe kagalimoto kamalandira imodzi. Kwa bwalo la gofu kapena hotela yokhala ndi timagalimoto makumi angapo, timene timabwerera pamalo amodzi madzulo alionse, nzeru ndi kuika sola pa nyumba yosungiramo n'kumatchaja monga mwa masiku onse, magetsi a masana akuthandiza nyumba zina za pamalopo. Chovuta chake n'chakuti dzuwa limawala pamene timagalimoto tili kunja ku ntchito, ndipo timabwerera litalowa, choncho pamafunika magetsi a kampani kapena mabatire ena osungira mphamvuyo. Panelo ya padenga la kagalimoto imapereka zochepa, koma imazipereka komwe kuli kagalimoto, pa nthawi imene dzuwa lilipo.

Choncho amene ndimawalimbikitsa kuika sola padenga ndi awa: amene kagalimoto kawo kamagona panja kapena kutali ndi soketi, amene amayenda mtunda wochepa tsiku lililonse, amene amakasiya nthawi yaitali osakagwiritsa ntchito, ndi amene ali kumalo kumene magetsi amavuta. Amene kagalimoto kawo kamagona m'galaja pafupi ndi tchaja, n'kumatuluka ola limodzi madzulo, ndimawauza kuti ndalamazo agulire mabatire abwino. Ndipo ngakhale kwa oyenerawo, tchaja ya pakhoma isatayidwe, chifukwa mabatire a mtovu amafuna kudzazidwa mpaka pakamwa nthawi ndi nthawi, ndipo ma amp 4 a dzuwa, amene amatha dzuwa likapendeka, kawirikawiri samaliza ntchito imeneyo ngati kagalimoto kayenda kwambiri.

Munthu asanagule kanthu angathe kudziyankha yekha pa sabata imodzi kapena ziwiri. Timagalimoto tambiri tilibe mita ya mtunda, koma foni ya m'manja imayeza makilomita a tsiku, ndipo kamita kolowetsa pakati pa soketi ndi tchaja kamaonetsa mayunitsi amene alowa usiku uliwonse. Nambala ya pa kamitako imakhala yokulirapo kuposa imene mota yadya, chifukwa tchaja ndi mabatire amataya gawo lina ngati kutentha, koma ndi poyambira pabwino. Ikamakhala pa yuniti imodzi kapena imodzi ndi theka patsiku, panelo ya ma watt 300 yokhala ndi kontirola yokweza ma volt ikwaniritsa gawo lalikulu la ntchitoyo m'miyezi ya dzuwa. Ikamafika pa mayunitsi 4 kapena 5, panelo ingobweza gawo limodzi mwa anayi kapena asanu. Chotsalira ndi kupita pamalo amene kagalimoto kamaima, nthawi ya 9 koloko m'mawa, masana ndi 3 koloko madzulo, n'kuona pamene mthunzi wa nyumba ndi mitengo ukugwera pa maola amenewo, pokumbukira kuti mthunziwo umasuntha nyengo ikamasintha.